Chitini Chafika Kuno, Lamulo Latsalira ku Ulaya

Pa 1 Janeiro 2007 maiko a m'bungwe la União Europeia anayamba kutsata lamulo latsopano lokhudza utoto wa magalimoto, ndipo pa 24 Agosto 2023 anawonjezerapo lina lokhudza munthu amene amaupopera utotowo. Tikudziwa kuti wina mwa owerenga athu ku Domué, ku Furancungo kapena ku Zóbuè afunsa kuti: kodi ife olima chimanga, fodya ndi mbatata za kachewere, nkhani ya azungu ndi magalimoto awo ikutikhudza pati? Ikutikhudza, abale, pakuti utoto wa mtundu umene malamulo amenewa akunena ndi umene lero uli m'masitolo a ku Tete ndi ku Moatize, ndiponso ndi umene ana athu akupopera pa machapa, pa njinga zamoto ndi pa ngolo kuseri kwa misika yathu. Chitini chinawoloka nyanja ndi malire onse, koma lamulo lomuteteza munthu wochitsekula linatsalira kumene linalembedwa.

Tiyambe ndi lamulo loyambalo. Linavomerezedwa pa 21 Abril 2004, ndipo m'mabuku a ku Ulaya limadziwika ndi nambala yakuti 2004/42. Britain, imene pa nthawiyo inali idakali m'bungwelo, inalilowetsa m'malamulo ake mu 2005, Portugal mu 2006. Kuti timve chimene linkafuna, tikumbuke kuti m'chitini cha utoto muli zinthu za mitundu iwiri. Pali chimene chimatsala pa chitsulo n'kukhala mtundu umene timauona, ndiye pali madzi onunkha aja amene ntchito yake ndi kusungunula utoto kuti udutse pa pistola, kenaka n'kuuluka. Madzi amenewa ndi a gulu la diluente, amene anzathu a ku Malawi amati thinazi. Lamulo linaika malire pa zouluka zimenezi: utoto wapamwamba usapitirire magalamu 420 pa lita imodzi, utoto woyambira wa primário usapitirire 540, phala lotsekera mabowo ndi makwinya, lija amisiri amati massa, lisapitirire 250. Muyeso wake ndi wa utoto wosakaniza kale, wokonzeka kupopera, osati mmene ulili m'chitini chotseka. Linalamulanso kuti manambala amenewa azilembedwa pa chitini, ndipo katundu amene anali atapangidwa kale anapatsidwa miyezi 12 kuti athe m'masitolo.

Cholinga cha lamuloli chinali mlengalenga wa mizinda yawo. Zouluka zija zikakumana ndi utsi wa magalimoto ndi mafakitale pa dzuwa lotentha, zimapanga mpweya wotchedwa ozono, umene ukakhala pansi pano umapweteka maso ndi mapapo, umafooketsanso mbewu m'munda. Maiko a magalimoto mamiliyoni ndi maofisina zikwizikwi sakanatha kungoyang'ana. Pamenepa sitiwatsutsa. Koma owerenga asunge mfundo iyi, pakuti tibwererako: lamulo la 2004 linawerenga magalamu opita kumwamba, silinawerenge zolowa m'chifuwa cha mmisiri.

Utoto umene unagwa nalo poyamba ndi wa celulose, uja akuluakulu ambiri kuno kumwera kwa Africa amangouti duco. Dzinali ndi la utoto umene kampani ya DuPont ya ku America inatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo magalimoto a General Motors anayamba kutuluka nawo cha mu 1924. Usanabwere utoto umenewu, galimoto inkapakidwa ndi burashi n'kudikira masabata kuti iume. Amisiri anaukonda celulose chifukwa ndi wosavuta. Umauma wokha pa mphepo m'kanthawi kochepa, ukalakwitsa umapala n'kubwereza, fumbi likagwerapo umakwecha pang'ono n'kuwalitsa. Koma kuti upopereke umafuna diluente wochuluka, kawirikawiri theka ndi theka, chotero unyinji wa zimene zili m'kapu ya pistola umathera m'mwamba. Malire a 420 utoto wotere sungawakwanitse n'pang'ono pomwe.

Maofisina akuluakulu a ku Ulaya anali atausiya kale celulose zaka zambiri lamuloli lisanafike, komabe nawonso linawagwedeza. Ambiri anasinthira ku utoto wa mtundu wosungunulidwa ndi madzi, pamwamba pake n'kupoperapo vanishi wokhuthala. Utoto wamadziwu ndi wosankha. Suuma msanga pa chinyezi kapena pozizira, umafuna mphepo yoyenda yopanda fumbi, ndiye kuti chipinda chotseka chopoperamo chija amati estufa, chokhala ndi zosefera, zopemerera ndi zotenthetsera. Umafunanso zida zosachita dzimbiri, malo ofunda ousungiramo, ndi mmisiri wophunzitsidwa mwatsopano. Zonsezi ndi ndalama, ndipo mwini ofisina yaing'ono ndiye anamva kulemera kwake kuposa mwini yaikulu.

Amene anadandaula koposa ndi opopera a pakhomo, makamaka ku Britain kumene anthu ambiri amasangalala ndi kukonza magalimoto akale m'magalaja a nyumba zawo. Iwowa celulose ndiye unali utoto wawo, poti sufuna estufa. Lamulo linawasiyira kakhomo kakang'ono: dziko lililonse likhoza kuloleza kugulitsa utoto wopitirira malire, pang'ono pokha, wokonzera magalimoto akale ndi nyumba zakale zimene zili ndi mbiri. N'chifukwa chake celulose sanatheretu ku Britain. Ku America anadzera njira ina. Lamulo lawo la 2008 linakakamiza maofisina ogwiritsa ntchito utoto wokhala ndi zitsulo zoopsa monga mtovu ndi cromo kukhala ndi chipinda chopoperamo cha zosefera zogwira 98 pa 100 ya nkhungu ya utoto, pistola zosataya utoto wambiri, ndi amisiri obwereza maphunziro zaka 5 zilizonse, koma munthu wopopera pakhomo magalimoto osapitirira 2 pa chaka anamusiya. Onse awiriwa anazindikira kuti wopopera wamng'ono alipo ndipo sangafafanizidwe ndi cholembera.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhaniyi. Utoto umene unalowa m'malo mwa celulose, ku Ulaya ndi kuno komwe, ndi uja wa zitini ziwiri, wolembedwa 2K. Chitini chimodzi ndi utoto kapena vanishi, china ndi mankhwala oumitsa amene amisiri amati catalisador. Ndi utoto wabwino, tisabise. Umawala popanda kuupukuta, sutha msanga ndi dzuwa la ku Tete, petulo akatayikira suyabuka, ndipo poti ndi wokhuthala umatulutsa zouluka zochepa. Kumbali ya mlengalenga ndi phindu. Koma m'chitini chaching'ono choumitsiracho muli mankhwala otchedwa isocianato, ndipo amenewa ali m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa kwambiri mphumu yobwera ndi ntchito. Munthu akamapuma nkhungu yake, thupi limafika pomadana nawo. Ena zimawatengera miyezi, ena zaka, ena tsiku limodzi lokha limene anapuma wambiri. Thupi likafika pamenepo, kawirikawiri silibwerera. Kankhungu kochepetsetsa kamakwanira kutseka chifuwa, ndipo mmisiri amene anathera unyamata wake kuphunzira pistola amayenera kuisiya ali pakati pa mphamvu zake.

Bungwe loona za chitetezo cha antchito ku Britain, la Health and Safety Executive, linkalengeza m'zaka za m'ma 2000 kuti wopopera magalimoto ali pa ngozi yodwala mphumu kuwirikiza pafupifupi ka 80 poyerekeza ndi wantchito wamba wa m'dzikomo. Ameneyu ndi mmisiri wa dziko la estufa ndi zipatala zapafupi. Bungwelo linaphunzitsa zinthu zimene amisiri athu ayenera kuzimva. Nkhungu imene imaoneka ndi maso ndi gawo lochepa chabe. Yambiri ndi yosaoneka ndipo imatsala ikuyandama pistola itazimitsidwa kale. Ambiri amavulala pa kamphindi kamene amavula chophimba kumaso kuti aone ngati utoto wagona bwino. Ndipo masiki wamba, ngakhale aja a makala m'mbali, bungweli silikuwavomereza popopera 2K. Limafuna chophimba cholandira mpweya wabwino kudzera pa paipi kuchokera kunja. Fungo limene mmisiri amamva ndi la diluente. Isocianato amafika pa muyeso wovulaza mphuno isanamve kanthu. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo apa mawuwa ndi oona monga mmene amvekera.

Lamulo lachiwiri lija linabwera kudzatseka mpata umenewu. Linalembedwa mu 2020, nambala yake 2020/1149, ndipo likuti kuyambira pa 24 Agosto 2023 palibe wantchito wa m'maiko a União Europeia woyenera kugwira mankhwala okhala ndi isocianato wa mtundu umenewu wofika 0,1 pa 100 asanaphunzitsidwe, ndipo maphunzirowo abwerezedwe zaka 5 zilizonse. Kuyambira Fevereiro 2022 chenjezo lake linayenera kulembedwa pa chitini. Werengani nokha: kuchokera 2007 kufika 2023 ndi zaka 16. Malamulo a chitetezo cha antchito analipo kale m'dziko lililonse, koma lamulo la onse lokakamiza maphunziro linachedwa chotero. Ife amene tikubwera pambuyo tili ndi mwayi woona pamene anzathu anapunthwa.

Nanga kuno zikuyenda bwanji? Aliyense amene anadutsapo pa ofisina ya bate-chapa m'matauni athu a m'malire akudziwa. Galimoto ili pansi pa mtengo kapena pa kashedi ka malata, magalasi ataphimbidwa ndi nyuzipepala, pansi pathiridwa madzi kuti fumbi lisadzuke. Mestre wagwira pistola, kansalu kapena masiki ya pepala kukamwa, ndipo mnyamata wothandiza akukoka paipi ya kompresa kumbuyo kwake, iyeyo wopanda ngakhale kansalu. Mphepo ikutenga nkhungu kupita nayo kwa mayi wokazinga mandasi, kwa osoka zovala, kwa ana obwera ku sukulu amene aima kuonerera galimoto ikusintha mtundu. Ntchito ikatha, manja amasambidwa ndi diluente yemweyo. Luso lilipo, tisawanyoze amisiri athu. Galimoto imene inagubuduzika pa msewu wa ku Tsangano amaiwongola ndi nyundo mpaka mwini wake kuiwala. Chimene palibe ndi munthu amene anawauzapo kuti utoto wa lero si uja ankapopera amene anawaphunzitsa ntchito.

Pali chikhulupiriro china chofala pakati pa opopera, kuno, ku Malawi, ku Zimbabwe mpaka ku Joni, chakuti ukamwa mkaka ukaweruka, poizoni yense amatsukika. Mkaka ndi chakudya chabwino, amwe ndithu amene angakwanitse. Koma mkaka umapita m'mimba, pamene utoto wapita m'mapapo, ndipo njira ziwirizi sizikumana. Bwana amene amagulira anyamata ake paketi ya mkaka m'malo mwa chophimba kumaso sanawateteze. Chimodzimodzi kansalu konyowetsa: kamagwira madontho akuluakulu n'kudetsedwa, munthu n'kumaona ngati kagwira ntchito, pamene tosaoneka tija tadutsa.

Choopsa china n'chakuti matendawa amabisala. Chifuwa cha isocianato nthawi zambiri sichiyamba pa ntchito pomwepo. Chimabwera madzulo kapena pakati pa usiku: kubanika, kulira kwa m'chifuwa ngati kamluzu, kutsokomola kosatulutsa kanthu, maso ndi mphuno kuyabwa. Munthu amati ndi chisanu cha ku Angónia, ena amati ndi fumbi, ndipo poti mmisiri wa manja abwino sasowa omuchitira nsanje, posachedwa banja limayamba kuloza chala mnzake wa ofisina yoyandikana. Ndalama zimathera kwa asing'anga, ubale umatha, pistola ikupoperabe. Chizindikiro chimene banja lingathe kuona lokha ndi ichi: ngati chifuwa chimapepuka munthu akapita kumudzi kukalima kapena kukakhala pa maliro masiku angapo, n'kuyambiranso akabwerera ku ofisina, ntchitoyo ndiyo yoyamba kuikayikira. Apite ku chipatala, ayezedwe chifuwa chachikulu monga mwa nthawi zonse pakuti nachonso chilipo pakati pathu, koma awauze anamwino momveka kuti ntchito yake ndi yopopera utoto wa zitini ziwiri. Akapanda kunena, adzalandira mankhwala a chifuwa wamba n'kubwerera ku nkhungu yomweyo.

Kwa ife a kumudzi palinso nkhani ya mtovu, uja pa Chipwitikizi amati chumbo. Kwa zaka zambiri utoto wa magalimoto ndi makina wa mtundu wachikasu, wa lalanje ndi wofiira unkapangidwa ndi mankhwala a mtovu, poti ndi otsika mtengo ndipo mtundu wake ndi wowala. Galimoto yakale ikamakwechedwa pouma, fumbi lakelo limagwera pa dothi pamene ana amasewera, ndipo lina limapita kunyumba pa zovala za bambo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la OMS, limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi a mwana umene ungatchedwe wosavulaza. Umawononga ubongo mwakachetechete, mwana n'kumalephera ku sukulu popanda wodziwa chifukwa. Malire amene mabungwe a Nações Unidas amalimbikitsa ndi magawo 90 pa magawo miliyoni imodzi, ndipo South Africa, kumene katundu wambiri wa m'masitolo athu amachokera, inaika malire a 600 mu 2009 n'kulengeza malamulo owatsitsa kufika pa 90 mu 2024. Ndiye taganizani kumene utoto wotsala ku ofisina umathera. Umapakidwa pa zitseko, pa mipando, pa ngolo, ngakhale pa timagalimoto ta mawaya ta ana. Chitini chikatha chimasanduka chotungira madzi, choyezera nyemba pa msika, chosungira mchere. Amayi, chitini cha utoto wa galimoto sichiyera ngakhale mutachikwecha ndi mchenga; chibooleni pansi kuti wina asachitole.

Tisaganize kuti poti ku Ulaya anakhwimitsa, ndiye kuti zonse zobwera kuno n'zoyera. Lamulo la 2004 limaletsa kugulitsa utoto wopitirira malire m'kati mwa maiko awo. Silikhudza wopangidwira misika ya kunja. Ndipo utoto ukafika kuno suyenda m'chitini chake nthawi zonse. Wogula wa njinga yamoto safuna lita yathunthu, chotero wogulitsa amagawa m'mabotolo a zakumwa ndi a mafuta ophikira, catalisador m'kabotolo kena kakang'ono, popanda dzina, popanda chenjezo. Wina umadutsa pa Calómuè, pa Zóbuè, pa Biri-Biri kapena pa Cassacatiza m'chikwama cha munthu, kupita uku kapena kubwera kuno malinga ndi kumene mtengo watsika mwezi umenewo. Ngakhale chitini chikhale chathunthu, zolemba zake kawirikawiri zili m'Chingerezi cha timalemba tating'onoting'ono, chimene mmisiri wophunzira sukulu ya Chipwitikizi sangachimve.

Tsono tichite chiyani? Tiyambe ndi chimene sitikufuna. Sitikufuna kuti wina ku ofesi atenge lamulo la ku Ulaya, alitembenuze mawu ndi mawu, n'kulamula kuti wopanda estufa atseke. Estufa imafuna magetsi osazimazima ndi ndalama zimene mmisiri wa ku Ulónguè sangazipeze ngakhale atapopera machapa onse a m'boma la Angónia. Utoto wamadzi pa shedi yopanda makoma, m'fumbi la Outubro kapena m'chisanu cha Junho, ndi kutaya ndalama za mwini galimoto. Lamulo losatheka kulitsata silithetsa ntchito. Limangoithamangitsira kuseri kwa nyumba, kufupi ndi khitchini ndi ana, ndipo limatsegula khomo la ziphuphu. Maofisina amenewa akudyetsa mabanja, akuphunzitsa ntchito achinyamata amene akanakhala akungoyendayenda pa malire. Ndiponso vuto la ozono limene linavutitsa mizinda ya ku Ulaya si limene lili patsogolo m'maboma athu. Kwathu kuno choyamba ndi chifuwa cha wopopera ndi magazi a mwana, ndipo malamulo athu ayambire pamenepo, kumene anzathu anamalizira.

Choyamba chimene tikupempha n'chosafuna ndalama zambiri: chitini chilankhule. Lamulo loteteza ogula la 2009 limapatsa wogula ufulu wodziwa chimene akugula ndi kuopsa kwake. A boma amene amayendera masitolo, a Alfândega amene ali pa zipata za malire, ndi a INNOQ amene amaika miyeso ya katundu, agwirizane kuti utoto wa magalimoto ndi catalisador zisagulitsidwe popanda chenjezo la m'Chipwitikizi lonena ngati muli isocianato kapena mtovu. Wogawa m'mabotolo amate kapepala pa botolo lililonse. Ndipo sitolo yogulitsa 2K izikhalanso ndi zodzitetezera zake pa shelefu yomweyo, pakuti si chilungamo kugulitsa munthu njoka n'kumuuza kuti ndodo akaifune ku Beira.

Chachiwiri ndi maphunziro. A ku Ulaya sanafune digiri. Anafuna maphunziro aafupi, obwerezabwereza. Bungwe la IFPELAC, limene ntchito yake ndi kuphunzitsa ntchito zamanja, likhoza kutumiza mphunzitsi ku likulu la boma lililonse kwa tsiku limodzi kapena awiri, kusonkhanitsa amisiri a bate-chapa ndi anyamata awo, n'kuwafotokozera m'Chichewa, ndi chitini m'manja. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete ndi mawailesi a m'madera amaulutsa kale m'chilankhulo chathu za ulimi ndi za katemera. Mphindi 15 za utoto sizingawasaukitse. Zophunzitsa zake n'zodziwika: kukwecha ndi madzi m'malo mokwecha pouma, kuvala magolovesi ndi zovala zophimba thupi lonse n'kuzisiya ku ntchito, kusasamba m'manja ndi diluente, kusavula chophimba nkhungu isanathe, kuchotsa aliyense wosapopera pamalopo, kusadyera kapena kusutira fodya pafupi, kusunga diluente kutali ndi mbaula ndi moto wa owotcherera. Ndipo choonadi chowawa chinenedwe poyera, kuti masiki ya makala imathandiza pa fungo la diluente ndipo iposa kansalu kutalitali, koma pa 2K chitetezo chenicheni ndi chophimba cha mpweya wa pa paipi. Ofisina imodzi singachikwanitse mwina, koma amisiri asanu a tauni imodzi atasonkha akhoza kugula chimodzi, pamodzi ndi zosefera zake zoyeretsa mpweya wa kompresa, n'kumapoperera pa malo amodzi mosinthana. Alimi a fodya amachita zotere ndi ngolo ndi zigafa, amisiri sangalephere.

Kwa eni maofisina tikuti: Lamulo la Ntchito, Lei 13/2023, monganso lija la 2007 limene linalowedwa m'malo, limaika pa mapewa a wolemba ntchito udindo woteteza thanzi la wantchito ndi kumupatsa zodzitetezera. Tikudziwa kuti ambiri mwa anyamata othandiza alibe kontrato, ndi ana a achibale amene anaperekedwa kwa mestre kuti aphunzire ntchito. Pamenepo ndiye udindo ukukula. Makolo amene anakupatsani mwana wawo anayembekeza kuti adzabwera ndi luso, ndipo mukam'bweza ali wobanika ali ndi zaka 20, mudzawayankha chiyani? Mwana wosafika msinkhu asayandikire pamene akupopera. Makolo nawonso, popereka mwana ku ofisina, afunse za chophimba kumaso monga mmene amafunsira za chakudya ndi pogona.

Mafumu athu, a nyakwawa, alembi a m'mabairro ndi a khonsolo ya tauni ya Ulónguè ali ndi mbali imene palibe wa ku Maputo angawagwirire, ndiyo ya malo. Iwo ndiwo amadziwa ofisina imene yatsamira mpanda wa sukulu, imene ili pafupi ndi chitsime, imene diluente wake wotsukira pistola amathiridwa m'ngalande yopita kudimba. Kusuntha malo opoperera kupita kumapeto kwa tauni, kumene mphepo siibweza nkhungu ku nyumba za anthu, n'chinthu chotheka pokambirana, popanda chindapusa kapena apolisi. Kuwongola ndi kuwotcherera kukhoza kutsala pamene kuli. Chosuntha ndi pistola yokha.

Nafenso eni katundu tili ndi mlandu wathu. Mwini chapa amafuna galimoto yowala ngati galasi, mawa lomwe, pa mtengo wotsikitsitsa, ndipo mmisiri akawonjezera pang'ono kuti agule zodzitetezera, kasitomala amathawira kwa wina. Komanso si chinthu chilichonse chimafuna 2K. Ngolo, geti, mafelemu a mawindo, bodi ya lole yonyamula mbatata, zonsezi utoto wamafuta wa chitini chimodzi, uja amati esmalte, umakwana, ndipo ukapakidwa ndi burashi kapena rola sipakhala nkhungu yopuma. Pogula funsani wopanda mtovu, makamaka mukafuna wachikasu kapena wofiira. Wogulitsa akafunsidwa ndi anthu khumi pa sabata, adzayamba kufunsa naye kumene amaoda.

Achinyamata athu ambiri amene anaphunzira ntchitoyi kuno ali m'magalaja a ku Johannesburg, Lilongwe, Blantyre ndi Harare, ndipo ena ayamba kufika ku Portugal. Wopita ku Portugal adziwe kuti kumeneko maphunziro a isocianato ndi lamulo, ndipo ndi udindo wa bwana kuonetsetsa kuti wantchito wake waphunzira asanagwire catalisador, asaope kufunsa. Wobwera ku tchuthi kuchokera ku ofisina ya estufa, m'malo mwa wailesi yachitatu, abweretsere mng'ono wake chophimba kumaso chabwino ndi zosefera zake, amuonetsenso kavalidwe kake, poti chophimba chovalidwa pa ndevu kapena chomasuka m'mbali chimalowetsa nkhungu ngati palibe.

Nyengo yogulitsa fodya ndi mbatata ikafika, ndalama zimalowa m'midzi, njinga zamoto ndi magalimoto zimapita kukapakidwa, ndipo mvula ikakhala italeka makompresa amalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tikupempha akuluakulu a zaumoyo ndi a zantchito m'chigawo cha Tete kuti nyengo imeneyo isanafike, msonkhano woyamba wa amisiri opopera ukhale utachitika ku Ulónguè, ku Zóbuè ndi ku Furancungo, ndipo anamwino a m'zipatala za m'mabomawa akhale atauzidwa kuti wodwala chifuwa aliyense wa msinkhu wogwira ntchito azifunsidwa ntchito imene amagwira.